Mbewa za 5xFAD: bwanji zoyeza za m'chiwindi ndi mu ubongo zikutsata tsiku ndi njira yophera m'malo motsata matenda?

Funso: Ndikuchita digiri yachiwiri ku yunivesite ina kunja kuno. Ntchito yanga ndi kufufuza ngati matenda oiwalitsa a Alzheimer amasintha metabolism, kapena kuti kagwiritsidwe ntchito ka chakudya m'thupi, m'ziwalo zina kupatula ubongo. Tili ndi mbewa za 5xFAD, zimene zinasinthidwa majini kuti mu ubongo wawo muziunjikana amyloid, puloteni imene imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer. Tinayamba ndi zoyeserera 12 za miyezi 6, theka zodwala theka zabwinobwino, zazimuna ndi zazikazi pamodzi. Tinazipha masiku awiri osiyana, n'kuchotsa ubongo, chiwindi, impso ndi mnofu wa mwendo, kenako n'kuyeza ndi makina a LC-MS, amene amalekanitsa ndi kuyeza timankhwala ting'onoting'ono ta m'thupi. Zotuluka zandizunguza mutu. Masampulo a chiwindi agawikana potsata tsiku limene tinapha mbewazo. Mu ubongo wa mbewa zonse, zodwala ndi zosadwala zomwe, lactate, amene amachuluka maselo akamadya shuga popanda mpweya, ndi wochuluka zedi pamene ATP, amene amanyamula mphamvu m'maselo, watsala pang'ono kutheratu. Kodi makina ndiwo alakwa? Ndikonze chiyani ndisanayambe kafukufuku weniweniyo?

Yankho: Makinawo musawaimbe mlandu. Mu ubongo ayeza mmene mbewa inafera, ndipo m'chiwindi ayeza nthawi imene inadya komaliza. Timankhwala ting'onoting'ono timene mukusakato, ma metabolite, sitili ngati DNA imene mungaisiye patebulo n'kupita kukamwa tiyi. Tina timasintha m'masekondi ochepa chabe, ndipo kusintha kumeneko kumakwirira kakusiyana kochepa kamene matenda amabweretsa.

Vuto la ubongo ndi lodziwika kuyambira kalekale. Mu 1964 Oliver Lowry ndi anzake ku St. Louis anayeza zimene zimachitika mu ubongo wa mbewa magazi akangosiya kuyenda. Phosphocreatine ndi shuga zimagwa m'masekondi oyambirira, ATP amatsatira, glycogen, amene ndi shuga wosungidwa, amadyeka, ndipo lactate amakwera kangapo konse mphindi imodzi kapena ziwiri zisanathe. AMP, adenosine, inosine, succinate, GABA ndi arachidonic acid nazonso zimakwera. Munthu wozolowera amatenga mphindi imodzi kapena kuposerapo kuti atsegule chigaza ndi kutulutsa ubongo, ndipo amene akupatula kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus amatenga mphindi zingapo. Zimene mwapezazo ndi za ubongo umene wabanika. Mungatsimikize ndi manambala amene muli nawo kale: tengani ATP, onjezani theka la ADP, mugawe ndi ATP, ADP ndi AMP zonse pamodzi. Sampulo yogwidwa msanga imapereka pafupifupi 0.9. Zanu zikhala pansi kwambiri.

Chothetsera chenicheni ndi microwave yopangidwira ntchito imeneyi, imene imalunjikitsa mphamvu ya makilowati angapo pamutu pa mbewa kwa sekondi imodzi kapena kucheperapo, ma enzyme onse n'kupsa asanachite kanthu. Imasiyana kotheratu ndi ya kukhitchini, imafuna chilolezo cha komiti yoona za nyama zofufuzira, ndipo malabu ambiri alibe. Ubongo wophikidwa chotero sungayezedwenso ntchito ya ma enzyme kapena kupuma kwa mitochondria, tiziwalo topanga mphamvu m'maselo, choncho zimenezo zimafuna gulu lina la mbewa. Ngati makinawa mulibe, vomerani malire anu. Munthu mmodzi agwire wotchi, alembe masekondi kuchokera pamene mbewa yafa kufika pamene ubongo waundana, ndipo mu lipoti musanene kanthu za ATP, lactate, shuga kapena glycogen wa mu ubongo. Zopirira zilipo zambiri ndithu: NAA, myo-inositol, taurine, ma amino acid ambiri, cholesterol, ma phospholipid ndi ma sphingolipid.

Pamene mukufuna ziwalo zinayi kwa mbewa imodzi, chilichonse chimalimbirana kukhala choyamba. Njira yabwino kwa ziwalo za m'thupi ndi kugoneka mbewa ndi isoflurane n'kuchotsa ziwalozo mtima ukadagunda. Yambani ndi mnofu wa mwendo chifukwa sutaya magazi ambiri. Mukangodula chiwindi magazi amakhuthukira m'mimba, ndiye chilichonse chotsatira chimakhala chitayamba kale kusowa mpweya. Dongosolo limene mwasankha lisasinthe kwa mbewa iliyonse, ndipo chiwalo chimene funso lanu latsamira chisakhale chomalizira. Ketamine wosakaniza ndi xylazine mupeweni, chifukwa xylazine amaletsa insulin kutuluka ndipo shuga wa m'magazi amakwera kwambiri. Isoflurane nayenso amakweza shuga, ngakhale pang'ono, choncho mbewa zonse zigone nthawi yofanana. Kupha ndi mpweya wa CO2 nakonso kumachititsa magazi kukhala a asidi.

Kaundanitsidwe nakonso kali ndi luso lake. Mukaponya chibuluma cha chiwindi mu nitrogen wamadzi, amene ali pa madigiri 196 pansi pa ziro, nitrogen amawira n'kupanga mpweya wokuta chibulumacho ngati bulangete, ndipo pakati pake pamachedwa kuundana. N'chifukwa chake pali chopanira cha Wollenberger, chokhala ndi zitsulo ziwiri za aluminiyamu zimene zimaviikidwa kaye mu nitrogen. Mukapana chidutswa chimaphwatalala ngati ndalama yachitsulo n'kuuma nthawi yomweyo. Yesetsani kuti chiwindi chilowe m'chopaniracho pasanathe masekondi 30 chitsegulireni mimba. Tengani gawo lomwelomwelo nthawi zonse, lalikulu la kumanzere lija, ndipo samalani ndi ndulu: ikaphulika, ma bile acid a sampulo imeneyo ndi otaya. Impso itengeni yathunthu chifukwa kunja ndi mkati mwake n'zosiyana kwambiri. Pa mwendo, gastrocnemius ndi soleus ndi minofu iwiri yosiyana kagwiridwe ka ntchito, musaisakanize. Ena amakonda kutsuka magazi m'thupi lonse ndi madzi a mchere asanachotse ziwalo. Zimathandiza pa RNA ndi pa zooneka pa microscope, koma pa ntchito yanuyi zimadya mphindi zingapo ndipo zimakokolola zomwe mukufunazo. Ndi bwino kusatsuka, n'kuyezanso plasma wa mbewa yomweyo kuti mudziwe zimene zachokera m'magazi. Magazi alowe m'kachubu ka EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana, akhale pa ayezi, ndipo apatulidwe msanga, apo ayi maselo ofiira amapitiriza kudya shuga ndi kutulutsa lactate m'kachubu momwemo.

Tsopano chiwindi chanu chija. Mbewa imadya kwambiri usiku. Magetsi a m'chipinda akamayaka m'mawa, chiwindi chimakhala chodzaza ndi glycogen, ndipo tsiku likamapita chimaphwa, mafuta amayamba kuwotchedwa, ma ketone amakwera, ma bile acid amasintha. Mbewa yophedwa 9 koloko m'mawa Lolemba ndi mbale wake wophedwa 3 koloko masana Lachiwiri ali ndi ziwindi zosiyana kuposa mmene Alzheimer angazisiyanitsire. Onjezani mantha. Corticosterone, homoni imene imatuluka nyama ikachita mantha, amayamba kukwera pakangotha mphindi ziwiri kapena zitatu khola litagwedezedwa, ndipo mbewa yotsala yokha anzake atatengedwa mmodzimmodzi imafa shuga wake atakwera kale.

Chitani motere. Tsiku lophera, chotsani chakudya maola 4 mpaka 6 nthawi isanakwane, ndipo samutsirani mbewa m'khola la utuchi watsopano, chifukwa m'lakalelo muli zinyenyeswa ndi ndowe, zomwe mbewa imadya. Ngati mbewa imodzi imakutengerani mphindi 10, chakudyacho chichotsedwe motalikirana mphindi 10, kuti yoyamba ndi yomaliza zikhale zitasala maola ofanana. Ntchito yonse ya tsikulo ithe mkati mwa maola awiri, pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Tsiku lililonse likhale ndi zodwala ndi zosadwala mofanana, zophedwa mosinthanasinthana, ndipo wogwira lumo asadziwe kuti iyi ndi iti. Kusalitsa usiku wonse, maola 16 aja, n'kotengera kwa anthu. Kwa kanyama ka magalamu 25 imeneyo ndi njala yeniyeni: glycogen wa m'chiwindi amatha, thupi limaphwa, ndipo zina zimazizira n'kulowa m'tulo ta torpor. Poyeza mmene thupi limachotsera shuga m'magazi, maola 6 akwana. Shuga wa 20 peresenti, 10 µL pa galamu iliyonse ya thupi, amapereka magalamu 2 pa kilogalamu, ndipo magazi a kumchira amayezedwa pa mphindi 0, 15, 30, 60, 90 ndi 120. Ngati magulu akusiyana kunenepa, werengerani mlingowo pa thupi lopanda mafuta, kuti yonenepa isalandire shuga wochuluka pachabe.

Ndikukayikanso kuti masampulo a tsiku loyamba munawasungunula ndi kuwayeza pamodzi, a tsiku lachiwiri pamodzinso. Ngati zili choncho, simungathe kulekanitsa zimene zachokera kwa mbewa ndi zimene zachokera ku labu. Sungani zonse pa madigiri 80 pansi pa ziro mpaka mbewa yomaliza itaphedwa, kenako chitani maere pa dongosolo lokonzera ndi lolowetsera m'makina. Sinjani chidutswa chili chiundanire, m'kamtondo koviikidwa mu nitrogen, mpaka chikhale ufa. Pimani mamiligalamu 25 m'kachubu kozizira kale, ndipo ufawo usachite chinyezi pa sikelo: ukangoyamba kumata, ma enzyme adzuka. Thirani mililita imodzi ya acetonitrile, methanol ndi madzi, magawo 40, 40 ndi 20, yozizira pa madigiri 20 pansi pa ziro. Labu ya Joshua Rabinowitz ku Princeton imaonjezamo formic acid pang'ono kuti ma enzyme afe msanga, kenako n'kuchotsa asidiyo ndi ammonium bicarbonate pakapita mphindi zochepa, chifukwa asidi wokhalitsa amaononga NADH ndi NADPH. Zungulizani pa centrifuge yozizira, pa 16,000 g kwa mphindi 10, n'kutenga madzi a pamwamba. Mafuta amafuna njira yawo, ya Folch ya chloroform ndi methanol kapena ya MTBE. Tapani pang'ono pa sampulo iliyonse ya chiwalo chimodzi, musakanize, ndipo msanganizowo uzilowa m'makina pakadutsa masampulo 8 kapena 10 alionse. Metabolite amene m'msanganizo womwewo akusinthasintha kuposa 30 peresenti, mutayeni.

Zonsezi zikakonzeka mudzapeza kusiyana kwina m'chiwindi, ndipo pamenepo m'pamene funso lovuta liyambire: kodi kwachokera ku matenda a mu ubongo? Chifukwa chofufuzira chilipo chomveka. Anthu ambiri amayamba kuonda zaka zingapo asanapezeke ndi Alzheimer, chiwindi ndi impso zimathandiza kuchotsa amyloid-beta m'magazi, ndipo enzyme imene imaphwanya insulin, IDE, imaphwanyanso amyloid-beta. Koma mbewa ili ndi njira zambiri zokupusitsirani.

Funsani kaye kuti mbewa zanuzo ndi za mbumba iti. Mbewa za 5xFAD zinapangidwa mu labu ya Robert Vassar ku Northwestern University n'kulengezedwa mu 2006. Zili ndi zolakwika zisanu za m'majini a anthu, zitatu mu jini ya APP, puloteni imene amyloid amachokerako, zotchedwa Swedish, Florida ndi London, ndi ziwiri mu PSEN1. Mbumba yoyambirira inali yosakaniza mitundu iwiri ya mbewa za mu labu, C57BL/6 ndi SJL, ndipo SJL imanyamula jini yolakwika ya dysferlin imene imafooketsa minofu. Inu mwatenga mnofu wa mwendo, ndiye ngati zanu ndi za mbumba imeneyo, zina mwa zimene mungapeze ndi za dysferlin. Palinso 5xFAD za C57BL/6J yokhayokha. Koma C57BL/6J ya ku Jackson Laboratory ilibe jini ya Nnt yogwira ntchito, imene imathandiza mitochondria kupanga NADPH, ndipo imatulutsa insulin mofooka poyerekeza ndi C57BL/6N. Munthu amene wagula mbewa zosadwala zoyerekezera za 6N n'kuzifanizira ndi 5xFAD za 6J adzalemba pepala lonse lonena za Nnt iye akuganiza kuti ndi la Alzheimer. Zoyerekezera zikhale zobadwa mimba imodzi ndi zodwalazo, zokulira m'khola limodzi. Kholalo ndi lofunika chifukwa mbewa zimadyerana ndowe, choncho za khola limodzi zimafanana tizilombo ta m'matumbo, ndipo tizilomboto ndi timene timasintha ma bile acid ndi zina zambiri zopezeka m'chiwindi ndi m'magazi. Mukaika zodwala m'makola awo ndi zosadwala m'makola awo, mudzayeza kusiyana kwa makola. Lembani nambala ya khola la mbewa iliyonse, ilowe m'masamu anu.

Zazimuna ndi zazikazi musazisakanize m'gulu limodzi. Zazikazi za 5xFAD zimaunjika amyloid wambiri komanso msanga, ndipo ngakhale popanda matenda chiwindi cha mbewa yaimuna ndi cha yaikazi n'zosiyana kwambiri. Msinkhu umodzi sukwananso. Mu 5xFAD amyloid amayamba kuunjikana pa miyezi iwiri, ndiye pa miyezi 6 matenda apita kale patali. Gulu la milungu 6, lina la miyezi 6 ndi lina lokulirapo lingakuonetseni ngati chiwindi chimasintha ubongo usanadwale kapena pambuyo pake.

Chopusitsa chachikulu ndi chakudya ndi kuyendayenda. Mbewa za 5xFAD zikamakalamba zimapepuka poyerekeza ndi abale awo, ndipo miyendo imayamba kuvuta chifukwa Thy1, amene amayendetsa majini oikidwawo, amagwiranso ntchito mu msana. Mbewa imene ikulephera kuimirira bwino kuti ifikire chakudya pamwamba pa khola imadya pang'ono, ndipo chiwindi chake chimaoneka ngati cha nyama yanjala. Pimani thupi mlungu uliwonse, pimani chakudya, ndipo zikasiyana onjezani gulu lachitatu la zabwinobwino zimene zikupatsidwa mlingo womwewo umene zodwala zinadya dzulo lake. Ngati muli ndi makola oyezera mpweya, zisiyeni zizolowere tsiku limodzi kapena awiri musanakhulupirire manambala. RER, yomwe ndi CO2 wotuluka kugawa ndi oxygen wogwiritsidwa ntchito, ikayandikira 0.7 imasonyeza kuti thupi likuwotcha mafuta, ndipo yoyandikira 1.0 ikuwotcha shuga. Mphamvu imene yagwiritsidwa ntchito musaigawe ndi kulemera kwa thupi, chifukwa kutero kumachititsa mbewa yopepuka iliyonse kuoneka yowotcha kwambiri. Gwiritsani ntchito ANCOVA, njira ya masamu imene imaganizira kulemera kwa thupi popanda kugawa. Kumbukiraninso kuti chipinda cha madigiri 22 chimene inu mukumva bwino, mbewa ikumva chisanu, poti thupi lake limapuma pa madigiri pafupifupi 30.

Chimene mwapeza mu 5xFAD chitsimikizeni mu mtundu wina. Ndingasankhe App NL-G-F ya labu ya Takaomi Saido ku RIKEN ku Japan, ya 2014, chifukwa zolakwikazo zinalowetsedwa m'jini ya mbewa yeniyeniyo ndipo APP sapangidwa mopyola muyezo. Mitundu ina, APP/PS1 ndi PS19, imayendetsedwa ndi promoter (kachidutswa ka DNA koyatsa jini) wa prion, amene amagwiranso ntchito mu mtima ndi ziwalo zina, choncho yezani kaye ngati jini ya munthuyo ikupezeka m'chiwalo chimene mukufufuzacho. Mtundu wa 3xTg-AD wa labu ya Frank LaFerla, wa 2003, ndi wovuta pa ntchito ngati iyi: kapamba wake, yemwe uja amatupa ndi malungo kwa anthu, amakula kwambiri, chitetezo cha thupi chimasokonekera, ndipo zoyerekezera zake si zobadwa mimba imodzi.

LC-MS imakuuzani kuchuluka kwa chinthu, siikuuzani liwiro limene chikupangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito. Matumba a chimanga akaunjikana pachigayo, mwina anthu abwera ambiri, mwina magetsi azima. Citrate akakwera m'chiwindi, musathamangire kulemba kuti mitochondria ikugwira ntchito kwambiri. Pamafunika kupereka shuga wodindidwa ndi carbon-13, makamaka kudzera m'kapaipi ka mumtsempha wa pakhosi kwa maola awiri kapena atatu, n'kuona kumene carbon ameneyo wathera. Mu ubongo muli msampha wina. Kwa anthu odwala, FDG-PET, njira yojambula mmene ubongo ukudyera shuga, imaonetsa kuti madera a ubongo a temporal ndi parietal akudya shuga wochepa, pamene mbewa zambiri za amyloid zimaonetsa kudya shuga wochuluka. Gulu la ku Munich linasonyeza mu 2021 kuti gawo lalikulu la shugayo limadyedwa ndi microglia, maselo oteteza ubongo, zimene zadzuka. Choncho myo-inositol, wochuluka m'maselo othandizira a ubongo, akakwera NAA wa m'maselo a minyewa n'kutsika, nthawi zambiri ndiye kuti chiwerengero cha mitundu ya maselo chasintha. Mu 5xFAD matenda amayambira ku subiculum ndi m'kati mwa cortex, pamene cerebellum imakhudzidwa pang'ono, ndiye kusinja ubongo wonse pamodzi kumasungunula chizindikirocho.

Masamu ake ndi osavuta kuwamva. Ma metabolite 500 m'ziwalo zinayi ndi mayeso 2,000, ndipo pa p ya 0.05 pafupifupi 100 adzaoneka osiyana ngakhale palibe chimene chasintha. Gwiritsani ntchito njira ya Benjamini ndi Hochberg yochepetsera zotuluka zabodza zoterezi, ndipo yambani ndi PCA, chithunzi choonetsa mmene masampulo akugawikanira osauzidwa mayina a magulu. Chithunzi cha PLS-DA, chimene chimauzidwiratu mayina a magulu, chimalekanitsa magulu mokongola ngakhale mutasakaniza mayina dala, choncho chitani zimenezo kambirimbiri muone ngati chenichenicho chikuposa zabodzazo.

Polemba, tchulani mbewazi kuti ndi chitsanzo cha kuunjikana kwa amyloid. Alzheimer wotengera kumtundu amene zolakwikazi zinachokera sakwana 1 mwa odwala 100 alionse, ndipo 5xFAD ilibe zopotana za tau, puloteni ina imene imaunjikana mu ubongo wa odwala. Ma bile acid a mbewa ali ndi ma muricholic acid, opangidwa ndi Cyp2c70, amene munthu alibe, ndipo mbewa ilibe CETP, choncho cholesterol wake wambiri amayenda mu HDL. Zimene mwapeza pa zinthu ziwirizi musazisamutsire kwa anthu mwachindunji. Malangizo a ARRIVE a kalembedwe ka kafukufuku wa nyama, amene anakonzedwanso mu 2020, awerengeni musanayambe, chifukwa zambiri zimene amafunsa simungazikumbukire mbewa zitafa kale.

Masampulo 12 ajanso musawataye. Pa ma metabolite opirira aja, werengerani mmene mbewa zophedwa tsiku limodzi zikusiyanirana, ndipo nambala imeneyo ikuuzeni kukula kwa gulu lililonse. Musadabwe ikafika pa 10 kapena 12 zazikazi zodwala, zina zotero zosadwala, chimodzimodzinso zazimuna. Tsiku loyamba lisanafike, ngati chilolezo chanu chikulola, yeserani pa mbewa zotsala za m'khola lobereketsera, anthu atatu patebulo: wodula, wopana, ndi wogwira wotchi ndi cholembera. Ufa wa chiwalo chilichonse ugawidwe m'timachubu titatu tsiku losinja lomwelo, ka ma metabolite, ka mafuta ndi kosunga, kuti pasapezeke kachubu kotsegulidwa kawiri.